ZA UMOYO: KAGWIRITSIDWE NCHITO KA MAFUTA OCHINJIRIZA KHUNGU KU DZUWA

Mwezi wa October ukafika dzuwa limakula mphamvu m'dziko lonse la Zambia, ndipo anthu a m'makomboni ndiwo amalimva kwambiri cifukwa nchito zao zambiri ziri za pabwalo. Azimai ogulitsa tomato ndi kapenta pa msika, anyamata opalasa njinga zonyamula anthu mu Chipata, omanga nyumba, ophwanya miyala m'mbali mwa mseu ndi ana oyenda mtunda kupita kusukulu, onsewa amakhala pa dzuwa maola ambiri tsiku liri lonse.

Masiku ano m'makemisiti ndi m'masitolo akuluakulu mumapezeka mafuta odzola ochedwa sunscreen, amene nchito yake ndi kuchinjiriza khungu kuti lisapse ndi dzuwa. Munthu angawagule popanda kalata ya dokotala. Koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo ambiri amene amawagula amangotaya ndalama kaamba kosadziwa kasankhidwe ndi kadzoledwe kake. Ena amawayesa mafuta oyeretsa khungu, ena amadzola kadontho kamodzi m'mawa ndi kukhulupirira kuti achinjirizika mpaka madzulo. Phunziro la sabata ino lifotokoza anthu amene afunikadi mafuta amenewa, mmene angawasankhire, mmene angawadzolere, ndiponso zimene mafutawa sangathe kucita pa okha.

CIMENE CIMAOCHA KHUNGU

Anthu ambiri amaganiza kuti kutentha ndiko kumaononga khungu, koma si tero. M'kuwala kwa dzuwa muli ceza cina cosaoneka ndi maso ndiponso cosamveka pa thupi, cimene akatswiri amacicha kuti UV. Ceza cimeneci cimafika pa dziko m'mitundu iwiri. Mtundu wa UVB umathera pa khungu la pamwamba, ndipo ndiwo umaliocha, kulifiiritsa ndi kulitulutsa matuza. Mtundu wa UVA umalowa mkati ndithu, umabweretsa makwinya ndi mawanga akuda, ndipo umatha kupyola ngakhale pa galasi la windo. Mitundu yonse iwiri imaononga khungu pang'onopang'ono, ndipo pakapita zaka kuonongeka kumeneku kungasanduke khansa. Mu 1992 nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa inaika kuwala kwa dzuwa m'gulu la zinthu zimene zidziwika motsimikiza kuti zimayambitsa khansa.

Dziko la Zambia limalandira ceza cimeneci mocuruka pa zifukwa ziwiri. Coyamba, liri pafupi ndi mzere wa Equator, kotero kuti dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pa caka. M'madera a Lusaka ndi Chipata izi zimacitika ca kumapeto kwa October kapena kumayambiriro kwa November, ndiponso mu February. Caciwiri, mbali yaikuru ya dzikoli ndi yokwera. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wopitirira mamita 1,200 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo ceza ca UV cimaonjezeka ndi magawo 10 pa 100 munthu akakwera mamita 1,000 ali onse.

Mphamvu ya ceza imayezedwa ndi nambala yochedwa UV Index, imene mafoni ambiri amaonetsa pamodzi ndi za nyengo. Nambalayi ikafika pa 3 khungu losalimba lifunika kuchinjirizidwa, ndipo ikafika pa 11 ndiye kuti dzuwa liri loopsa kotheratu. M'miyezi yotentha Zambia imafika pa 11 ndi kupitirira kawirikawiri, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira ya June ndi July nambalayi imakhala pamwamba pa 3 masana. Mitambo yopyapyala siletsa ceza, pakuti magawo ofika 80 pa 100 amatha kupyola. Nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 16 koloko. Njira yapafupi yodziwira ndiyo kuyang'ana cithunzithunzi: cikakhala cacifupi kuposa mwini wake, dzuwa liri pa mphamvu.

NDANI AFUNIKA MAFUTA AMENEWA?

Khungu lakuda liri ndi cinthu cochedwa melanini, cimene cimalipatsa mtundu wake ndi kumwa ceza cambiri cisanalowe mkati. Cifukwa ca ici khansa yocokera ku dzuwa sipezeka kawirikawiri pakati pa anthu akuda, ndipo munthu wa khungu lakuda amene alibe bvuto lina angathandizike kwambiri ndi cisote, malaya ndi mthunzi. Banja losowa ndalama lisadzione ngati lalakwa cifukwa silinagulire ali yense botolo. Koma pali anthu ena amene mafutawa ali ngati mankhwala kwa iwo.

1. Anthu acialubino. Iwowa amabadwa ndi melanini yocepa kwambiri kapena alibiretu. Kalembera wa anthu wa 2010 anapeza anthu acialubino 25,324 m'Zambia. Bungwe la United Nations linanena kuti m'maiko ena anthu acialubino ambiri amamwalira ndi khansa ya khungu ali ndi zaka za pakati pa 30 ndi 40. Imfa zimenezi zingapewedwe.

2. Anthu a mawanga oyera a matenda a vitiligo, ndi amene ali ndi zipsera zazikuru za moto. Malo oyerawo alibe cowachinjiriza ndipo amapsa msanga.

3. Anthu amene anadzolapo kapena ali kudzola mafuta oyeretsa khungu. Mafuta otero amacepetsa melanini ndi kupyapyalitsa khungu.

4. Anthu amene ali kumwa mankhwala ena ocititsa khungu kupsa msanga, monga doxycycline, Septrin, ciprofloxacin, griseofulvin, ndi hydrochlorothiazide wa BP. Wodwala asaleke mankhwala ake pa cifukwa cimeneci. Abvale zomuchinjiriza, adzole mafuta a dzuwa, ndipo akaona totupa kapena kupsa akauze anamwino kapena dokotala.

5. Azimai amene amacita mawanga akuda pa masaya ndi pa mphumi akakhala ndi pakati kapena akamamwa mapiritsi olerera, ndiponso acinyamata amene ziphuphu zimawasiyira zipsera zakuda. Dzuwa limadetsa mawangawo koposa ndi kucedwetsa kutha kwake.

6. Anthu oyererapo amene amagwira nchito pabwalo tsiku lonse. Mu 2023 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti m'caka ca 2019 cokha anthu pafupifupi 19,000 pa dziko lonse anamwalira ndi khansa ya khungu yobwera cifukwa cogwira nchito pa dzuwa.

Umboni wakuti mafutawa amathandiza ulipo. M'tauni ya Nambour ku Australia, anthu 1,621 anagawidwa m'magulu awiri kuyambira 1992 kufikira 1996. Gulu lina linkadzola mafuta a dzuwa tsiku ndi tsiku, lina linkadzola pamene lafunira. M'gulu lodzola tsiku ndi tsiku, zotupa za mtundu wina wa khansa, umenenso umabvutitsa anthu acialubino, zinacepa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Cimene cinasiyanitsa magulu awiriwa cinali kudzola mosadumphitsa tsiku.

KUWERENGA ZOLEMBEDWA PA BOTOLO

Zolembedwa pa mabotolo amenewa ziri m'Cingerezi, cotero wogula ayenera kudziwa mau ocepa ofunika kufufuza asanapereke ndalama.

Mau oyamba ndi SPF, amene amatsagana ndi nambala. Nambalayi imasonyeza mmene mafutawo amachingira ceza ca UVB. SPF 15 imachinga magawo 93 pa 100, SPF 30 imachinga 97, ndipo SPF 50 imachinga 98. Palibe mafuta amene amachinga ceza conse. Kwa anthu ambiri SPF 30 ndi yokwanira, koma munthu wacialubino ndi wa vitiligo asankhe SPF 50 kapena 50+. Nambala yaikuru sitanthauza kuti munthu angakhale pa dzuwa tsiku lonse osadzolanso.

Mau aciwiri ndi Broad Spectrum, kutanthauza kuti mafutawo amachinga UVA ndi UVB pamodzi. Mabotolo ena m'malo mwa mauwa amakhala ndi zilembo za UVA zozunguliridwa ndi kamzere. Botolo lopanda cimodzi mwa zizindikiro ziwirizi lisiyidwe, ngakhale nambala ya SPF ikhale yaikuru motani.

Mau acitatu ndi Water Resistant. Mafuta otero sacoka msanga ndi thukuta kapena madzi, ndipo mabotolo ena amalemba kuti mphindi 40 kapena 80. Awa ndiwo oyenera munthu wogwira nchito yotulutsa thukuta. Komabe palibe mafuta osacokeratu ndi madzi, ndipo malamulo a dziko la America amene anakhazikitsidwa mu 2011 amaletsa makampani kulemba kuti Waterproof.

Cacinai ndi tsiku lothera mphamvu. Mabotolo ena amakhalanso ndi kacithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 12M, kutanthauza kuti mafutawo agwiritsidwe nchito m'miyezi 12 kucokera tsiku lotsegula. Ndi nzeru kulemba tsikulo pa botolo ndi bolopeni.

Kumbuyo kwa botolo kumalembedwa mankhwala amene ali mkati. Mafuta okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide sakwiyitsa khungu kawirikawiri, motero ndi abwino kwa ana ndi kwa anthu a khungu losacedwa kutupa. Kuipa kwake ndi kwakuti amatuwitsa nkhope yakuda. Mafuta okhala ndi avobenzone, octocrylene ndi ena otere amalowerera bwino osatuwitsa, koma anthu ena amawayabwa ndiponso amalasa m'maso. Mitundu yonse iwiri imagwira nchito. Mafuta abwino ndi amene mwini wake adzalola kudzola tsiku ndi tsiku.

Malo ogulira nao ndi ofunika. Kutentha kumaononga mafuta amenewa, cotero botolo limene lakhala pa thebulo la pa mseu masabata ambiri pa dzuwa silingadalirike. Mafuta otapidwa m'tumabotolo topanda dzina nao sayenera kugulidwa, pakuti palibe angadziwe cimene ciri mkati. Kuli bwino kugula m'sitolo yodziwika kapena m'kemisiti imene iri ndi cilolezo ca bungwe la ZAMRA, loyang'anira mankhwala m'Zambia.

KADZOLEDWE KOYENERA

Colakwa cacikuru cimene anthu amacita ndi kudzola pang'ono. Nambala ya SPF imapezedwa poyesa mafuta opakidwa mocindikala, ndipo munthu akadzola theka la muyeso umenewo chinjirizo lake limatsika kutali. Muyeso wosabvuta kukumbukira ndi kasipuni ka tiyi. Munthu wamkuru afunika kasipuni kamodzi ka nkhope, makutu ndi khosi, kamodzi pa dzanja liri lonse kucokera pa phewa, kamodzi pa mwendo uli wonse, kamodzi kutsogolo kwa thupi ndi kamodzi kumsana. Thupi lonse limadya timasipuni 7, ndiwo mamililita 35.

Apa ndi pamene zobvala zimapulumutsa ndalama. Botolo la mamililita 200 silikwana kudzola thupi lonse kasanu ndi kamodzi. Koma munthu wobvala malaya a manja atali ndi buluku, kapena citenje cofika m'mapazi, amatsala ndi nkhope, makutu, khosi ndi kunja kwa zikhato cabe. Malo amenewa amadya kasipuni kamodzi ndi theka, ndipo akadzola katatu pa tsiku botolo lomwelo lingamufikitse masiku 9. Malaya a manja atali a pa salaula amagulidwa kamodzi ndi kubvalidwa caka conse.

Ndondomeko yake ndi iyi:

1. Khungu likhale loyera ndi louma. Mafuta a dzuwa adzoledwe mphindi 20 munthu asanatuluke, kuti ayambe auma ndi kugwira pa khungu.

2. Ngati munthu amadzola mafuta ena a masiku onse, ayambe ndi amenewo, adikire kuti alowerere, ndipo mafuta a dzuwa abwere pamwamba. Paudala ya kumaso imabwera pambuyo pa zonse.

3. Mafuta a dzuwa asasakanizidwe ndi Vaseline, gilisalini kapena loshoni pofuna kuti acuruke. Kutero kumawasungunula, ndipo nambala ya pa botolo sigwiranso nchito.

4. Malo oiwalika kawirikawiri ndi nsonga za makutu, kumbuyo kwa makutu, kumbuyo kwa khosi, mphuno, dazi, mzere wa pakati pa tsitsi loluka, kunja kwa zikhato ndi pamwamba pa mapazi a munthu wobvala patapata. Milomo, makamaka wa munsi, ifunika mafuta a milomo olembedwa SPF.

5. Munthu ali pabwalo adzolenso pakapita maola awiri ali onse, ndiponso akangotuluka thukuta lambiri, akasamba, akacapa kapena akadzipukuta ndi nsalu.

6. Tsiku la mitambo ndi tsiku lozizira nao ndi masiku odzola.

MACENJEZO A PA NYUMBA

Mwana wosakwana miyezi 6 asadzozedwe mafuta amenewa popanda uphungu wa a zaumoyo, cifukwa khungu lake ndi lopyapyala. Khanda lisungidwe mu mthunzi, libvekedwe kasote ndi tobvala topepuka tobisa manja ndi miyendo. Amai obereka mwana kumbuyo pa msika agwiritse nchito ambulela, ndipo asamufunde mutu wonse ndi nsalu yocindikala pakuti angabanike ndi kutentha. Makolo a khanda lacialubino afunse malangizo ku kiliniki pa ulendo woyamba wa sikelo. Mwana akapitirira miyezi 6 angadzozedwe, makamaka mafuta a zinc oxide kapena titanium dioxide.

Mafuta atsopano ayambe ayesedwa. Munthu adzole pang'ono mkati mwa dzanja masiku awiri kapena atatu. Pakatuluka totupa, kuyabwa kapena kufiira, atsukepo ndi madzi ndi kuyesa mtundu wina. Ngati nkhope kapena milomo yatupa, kapena kupuma kwayamba kubvuta, apite ku cipatala nthawi yomweyo atatenga botololo.

Mafutawa asapakidwe pa cilonda kapena pa khungu losupuka. Akalowa m'maso, maso atsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zingapo. Botolo likhale patali ndi ana, ndipo mwana akamwa mafutawa asamusanzitse, koma apite naye ku kiliniki.

Mafuta opopera afunika kusamala kwapadera. Ambiri ali ndi spiriti imene imayaka, cotero asapoperedwe pafupi ndi mbaula, kandulo kapena fodya woyaka, ndipo wodzolayo asayandikire moto mpaka ataumiratu. Asapoperedwe kumaso, cifukwa munthu angawapume. Apopere m'manja ndi kudzola.

Botolo lisungidwe pa malo ozizirira, kutali ndi windo, mbaula ndi malata a denga. Lisasiyidwe m'galimoto yotsekedwa. Wogulitsa pa msika alikulunge m'nsalu ndi kuliika pansi pa thebulo. Mafuta amene asintha fungo kapena mtundu, kapena alekana madzi ndi mafuta, atayidwe.

Munthu wofuna kudzolanso mankhwala othamangitsa udzudzu ayambe ndi mafuta a dzuwa, adikire kuti aume, ndipo a udzudzu abwere pamwamba. Mafuta a dzuwa sathamangitsa udzudzu, ndipo usiku alibe nchito. Asambidwe ndi sopo munthu asanagone.

ZIKHULUPIRIRO ZOSOKERETSA

Ena amati Vaseline, gilisalini, saladi kapena mafuta a nsatsi amachinjiriza ku dzuwa. Mafuta amenewa amafewetsa khungu cabe, ndipo mwana wacialubino wodzozedwa Vaseline yekha amapsa monga ngati sanadzole kanthu.

Ena amati sunscreen imayeretsa khungu. Siyeretsa ai. Imangoletsa dzuwa kudetsa khungu kuposa mtundu umene munthu anabadwa nao. Mafuta amene amalonjeza kuyeretsa munthu m'masiku ocepa kawirikawiri amakhala ndi hydroquinone, mercury, kapena mankhwala amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone, ngakhale pa botolo palembedwe SPF. Hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali amasiya mawanga akuda bii pa masaya ndi pa khosi amene sacoka msanga, ndipo dziko la South Africa linamuletsa m'mafuta odzikongoletsera mu 1990. Mercury amaononga impso ndi mitsempha. Kudzola mafuta a dzuwa pamwamba sikucotsa ngozi zimenezi.

Ena amaopa kuti mafutawa adzawasowetsa vitamini D, imene thupi limapanga likaombedwa ndi dzuwa. Kufufuza kwaonetsa kuti kadzoledwe ka masiku onse sikabweretsa bvuto limeneli kwa anthu ambiri, pakuti ceza cina cimafikabe pa khungu. Vitamini D imapezekanso m'mazira ndi m'nsomba za mafuta.

Pali matenda enanso amene amaoneka ngati kupsa ndi dzuwa koma gwero lake ndi zakudya. Matenda a pelagila amadetsa ndi kukakalitsa khungu la pa khosi, kunja kwa manja ndi pa mapazi, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka maganizo. Amagwira anthu odya nsima yopanda ndiwo zokwanira, omwa mowa kwambiri ndi ena amene ali pa mankhwala a TB a isoniazid. Mafuta a dzuwa sangawacize. Wodwala afunika mapiritsi a vitamini ku cipatala, ndi zakudya monga nshawa, nyemba, kapenta ndi nyama.

Ngakhale zolembedwa pa botolo nthawi zina sizikwanira. Mu June 2025 bungwe la ogula la Choice ku Australia linapima mitundu 20 ya mafuta olembedwa SPF 50 kapena 50+, ndipo linapeza kuti 16 sinafike pa nambala yolembedwayo. Ici ndi cifukwa cina cimene munthu sayenera kudalira mafuta okha.

MWANA WACIALUBINO PA BANJA NDI KUSUKULU

Kuonongeka kwa khungu kumaunjikana kuyambira pa ubwana, motero cimene makolo acita mwana ali wamng'ono cimaoneka iye akafika zaka 20 kapena 30. Mwana wacialubino afunika cisote cotambalala mbali zonse, ca mlomo wosacepera masentimita 7, cifukwa kapusi imasiya makutu ndi khosi pa dzuwa. Afunika malaya a kolala ndi manja atali, buluku kapena siketi yaitali, masokosi, ndi magalasi akuda olembedwa UV 400. Nsalu yabwino ndi yoluka mothithikana. Poyesa, munthu aiyang'anitse ku dzuwa, ndipo ngati kuwala kupyola kwambiri ndiye kuti ceza naco cidzapyola.

Makolo akaonane ndi aphunzitsi akuru pa ciyambi ca temu ndi kupempha kuti mwana aloledwe kubvala yunifomu ya manja atali ndi cisote, kuima mu mthunzi pa nthawi ya asembule, ndi kudzolanso mafuta pa nthawi ya buleki. Nchito za pabwalo monga kutunga madzi, kucapa ndi kulima pa dimba apatsidwe m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Akamakula athandizidwe kusankha nchito ya m'nyumba kapena ya pansi pa denga.

Popeza botolo limatha msanga, banja lisadikire kuti lithe. Makolo afunse ku kiliniki, ku cipatala ca boma ndi ku mabungwe a anthu acialubino za kumene mafutawa angapezeke. Limodzi mwa mabungwewa ndi Albinism Foundation of Zambia, limene anayambitsa ndi woimba John Chiti mu 2008. Mu September 2025 bungwe la WHO linaika mafuta ochinjiriza ku dzuwa pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, umene maiko amatsatira pogula mankhwala a zipatala. Mmodzi mwa amene analimbikira kuti izi zicitike ndi Muluka-Anne Miti-Drummond wa ku Zambia, amene United Nations inamusankha mu 2021 kukhala katswiri woona za ufulu wa anthu acialubino. Tsiku la 13 June caka ciri conse ndi lokumbukira anthu acialubino pa dziko lonse. Ngati mafuta asowa, cisote, malaya ndi mthunzi zisalekedwe ngakhale tsiku limodzi.

MUNTHU AKAPSA NDI DZUWA

Wopsayo alowe mu mthunzi, athire madzi ozizirira pa malo opsawo kapena aikepo nsalu yonyowa, ndipo amwe madzi ambiri. Panadol angacepetse ululu, koma ana asapatsidwe aspirin. Matuza asaboledwe, ndipo pasapakidwe mankhwala otsukira mano, saladi kapena dothi. Ngati matuza ali pa malo akuru, kapena wopsayo ali ndi thupi lotentha, cizungulire kapena kusanza, kapena ngati ndi khanda, apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

ZIZINDIKIRO ZOSAFUNIKA KUCEDWA NAZO

Kamodzi pa mwezi munthu wa khungu losalimba adziyang'ane thupi lonse pa malo owala, ndipo wacibale amuone kumsana, kumbuyo kwa makutu ndi m'mutu. Zofunika kufufuza ndi izi: malo okakala ngati sandipepa amene sacoka, kacilonda kosapola pakapita masabata 4, kacotupa komakula kapena kotuluka magazi, mlomo wong'ambika kosaleka, ndi kadontho kakuda kamene kasintha kukula, mtundu kapena maonekedwe.

Malo okakala akapezeka msanga, madokotala amawaumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri kapena kuwadula pa opaleshoni yaing'ono, ndipo munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Akacedwa, cilonda cimadya mnofu ndi fupa, ndipo wodwala amafunika kutumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ulendo umene umadya ndalama ndi nthawi ya banja lonse. Cilonda cotero sicibwera cifukwa ca ufiti, ndipo miyezi imene banja limataya poyesa zitsamba ndiyo imene khansa imakuliramo. Munthu wacialubino apimitse khungu lake ku cipatala kawiri pa caka ngakhale asamve kupweteka.

Anthu akuda nao asanyalanyaze khungu lao. Khansa ya melanoma ikawagwira imakonda kuyambira ku phazi, m'cikhato kapena pansi pa cikhadabo, malo amene dzuwa silifikako kwenikweni ndipo mafuta a dzuwa sangawachinjirize. Woimba wa ku Jamaica Bob Marley anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 ndi khansa imene inayambira pa cala ca ku phazi. Kadontho kakuda ka ku phazi kamene kali kukula, kapena mzere wakuda watsopano pa cikhadabo, zionetsedwe kwa dokotala.

ZOFUNIKA KUKUMBUKIRA

Chinjirizo loyamba ndi mthunzi pakati pa 10 koloko ndi 16 koloko, laciwiri ndi cisote ndi zobvala, ndipo mafuta a dzuwa ndi a malo amene atsala poyera. Botolo likhale la SPF 30 kapena kuposa, la SPF 50 kwa acialubino, lolembedwa Broad Spectrum, ndi losatha tsiku. Mafuta adzoledwe okwanira, mphindi 20 munthu asanatuluke, ndi kubwereza pakapita maola awiri. Cilonda ciri conse cosapola pakatha mwezi cionetsedwe ku kiliniki ya pafupi.